Nyumba ya pa Okushoni Kunyanja: Yambani Mwaona Zimene Mmisiri Sangakonze

 Inu amene muli pagombe kuyanika usipa, inu amene muli m'munda wa mpunga wailesi ili pambali, ndi inu amene mukutimvera muli paulendo mu msewu wa M5, khalani nafe. Lero tikambirane za nyumba zogulitsidwa pa okushoni, makamaka zija zakutha, zofunika kukonza, zimene mtengo wake ukangoumva tulo timakuthawa.

Mukatsegula nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times, m'masamba a zamalonda simulephera kupeza chidziwitso chakuti banki kapena masherifu akugulitsa katundu wa anthu amene ngongole yawakanika. Nyumba zambiri zimakhala za ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, koma masiku ena mumatulukira za kuno kunyanja ku Nkhotakota: nyumba yokhalamo pa boma, sitolo yokhala ndi zipinda kuseri, malo ogona alendo m'mphepete mwa madzi. Chifukwa chake si chobisika. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inachepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chimene mabanki amayendera kufika pa 26 peresenti. Wamalonda amene anapereka nyumba yake ngati chikole zinthu zikadali bwino anangoona ngongole ikukula, malonda akuchepa. Nyumba yotere pofika pa okushoni imakhala itatha zaka osaikhudza, pakuti munthu amene akulimbana ndi ngongole sagula penti, sagula lata.

Ofuna kugula akafika pamalopo amayamba kuwerenga zooneka ndi maso. Malata adzimbiri, magalasi osweka, siling'i yolendewera, fungo la mileme, udzu mpaka pakhonde. Ena amabwerera pomwepo. Koma ine ndikuti zimene mmisiri angathe kukonza zisakuopseni, chifukwa zili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo mungauwerengere musanatulutse tambala. Zimene zimagwetsa anthu ndi zija mmisiri sangazikonze ngakhale mutampatsa ndalama zochuluka bwanji. Kuno kwathu choyamba mwa zimenezo ndi madzi.

Nyanja yathuyi siikhala malo amodzi. Imakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, imaphwera kumapeto kwa chaka mvula isanagwe. Komanso ili ndi kukwera kwina kwa zaka zambiri, kumene mwana wobadwa posachedwa sangakudziwe. Mu 1980 madzi anakwera kupitirira mamita 477 poyezera pa nyanja zikuluzikulu zamchere. Akuluakulu a m'midzi ya m'mphepete akukumbukira pamene madziwo anafika. Kenako kunabwera zaka zimene nyanja inabwerera. Mukukumbukira 2016 ndi 2017, pamene madzi anachepa mpaka mtsinje wa Shire unalephera kuyendetsa bwino makina a magetsi ku Nkula, dziko lonse n'kumagona mumdima. Nthawi imeneyo gombe linatambasuka, mchenga unaoneka ngati malo ouma, ndipo anthu anamanga. Ena anamanga nyumba zabwino ndithu, za njerwa zowotcha ndi simenti.

Mu 2024 nyanja inabwera kudzatenga malo ake. Madzi anapitirira mamita 476, n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima, kuno ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay. Anthu anadandaula kuti atsegule zitseko za damu la Kamuzu Barrage ku Liwonde, koma bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority linakumbutsa kuti kumanga pansi pa mzere wa mamita 477 n'koletsedwa. Nambala imeneyi muisunge, omvera: 477. Nyumba imene yakhala pansi pa mzere umenewo, ngakhale akugulitseni pa theka la mtengo, mwagula malo a nyanja. Mupaka penti, mufolera malata atsopano, koma chaka cha madzi ambiri chikadzafika, mwera ukadzayamba kuomba mu Juni ndi Julayi, mafunde adzakumba pansi pa maziko usiku ndi usana mpaka khoma lidzatsamira.

Ndipo si nyanja yokha. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira kwa Mfumu Yaikulu Kanyenda, anthu oposa 14,000 anakhudzidwa, ena anataya miyoyo, msewu wa M5 unaduka. Bua, Kaombe ndi timitsinje tina tochokera kumapiri timafika kuno kuchigwa titatenga madzi a dera lalikulu. Nyumba ikhoza kukhala kutali ndi gombe koma ili panjira ya madzi.

Tsono mungadziwe bwanji? Chidziwitso cha mu nyuzipepala sichinena zimenezi. Chimangoti nyumba ya zipinda zitatu, kukula kwa malo kwakutikwakuti, pafupi ndi nyanja. Ndipo mukapita kukaiona mu Okutobala, dothi lili gwa, simuona kanthu. Yang'anani khoma kuyambira pansi mpaka m'mawondo. Madzi amasiya mzere, pulasitala amafufuma n'kumayoyoka ngati ufa, ndipo penti watsopano wopakidwa m'munsi mokha ndi chizindikiro chakuti wina wabisa kanthu. Suzumirani m'chimbudzi chokumba ndi m'thanki ya sepitiki: ngati madzi ali pafupi m'chilimwe, dziwani kuti m'dzinja amasefukira. Koposa zonse, funsani anthu. Musafunse amene wakuperekezani kudzaona nyumbayo, iyeyo ali pantchito yogulitsa. Funsani amayi amene akuchapa kugombe, funsani asodzi achikulire amene akusoka ukonde pamthunzi, muwafunse kuti, "Kodi chaka chija madzi anafika pati?" Adzakulozerani mtengo, adzakulozerani mwala. Kenako pezani saveya akuyezereni kukwera kwa malowo. Ndalama ya saveya ndi yochepa poyerekeza ndi imene mukufuna kuika pamenepo.

Tichoke pa madzi, tibwere pa mapepala. Apa mpamene anthu ambiri timachita ulesi, poganiza kuti chinthu chogulitsidwa ndi banki kapena khoti sichingakhale ndi vuto. Wogulitsa pa okushoni amagulitsa zimene ali nazo, monga zilili, ndipo mawu amenewa amawalemba m'malamulo a malondawo. Kufufuza ndi ntchito yanu.

Funso loyamba ndi lakuti malowo ali pa pepala lanji. Ngati ndi liizi ya boma, yatsala ndi zaka zingati? Liizi ya zaka 99 imene yangoyamba kumene ndi ina, imene yatsala pang'ono kutha ndi inanso. Kodi lendi ya malo imene imaperekedwa ku Unduna wa za Malo chaka ndi chaka yakhala ikulipidwa, kapena yaunjikana? Kodi liiziyo inalembedwa kuti malowo ndi okhalapo, a malonda, kapena olima? Munthu akhoza kugula akulota zomanga malo ogona alendo, pepala likunena zina. Mayankho a zonsezi ali ku ofesi za malo ku Lilongwe, kumene loya wanu angakafufuze m'kaundula, n'kuona ngati pali ngongole ina pa nyumba yomweyo, kapena ngati wina anaikapo chenjezo loletsa kusintha umwini. Ulendo wa ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi wautali ndipo umadya ndalama, ndikudziwa. Koma pitani, kapena tumani loya.

Pali chinanso chimene chimachitika kawirikawiri m'madera ngati athu ano, kumene malo a liizi amagundana ndi malo a mafumu. Pepala limanena malire ena, mpanda unamangidwa pena. Mwini wake woyamba mwina anapempha kachigawo kowonjezera kwa nyakwawa, n'kumangapo khitchini, chimbudzi kapena zipinda za lendi, osakalembetsa. Inu pogula mukuganiza kuti zonse za mkati mwa mpanda ndi zanu, pamene chimene banki inatenga ngati chikole ndi chimene chili papepala chokha. Kafufuzeni mabikoni, timiyala ta simenti tija ta m'makona, muyende nawo pulani ili m'manja. Ndipo onani ngati kanjira kopita kunyanja sikadutsa pamalopo. Anthu akhala akudutsa pamenepo kukatunga madzi, kukachapa, kukakocheza mabwato kuyambira makolo awo. Mukadzafika ndi waya n'kutseka njirayo, pepala likhoza kukuikirani kumbuyo, koma mudzi sudzakulandirani, ndipo mudziwo udzakhala ukunena zoona. Malamulo atsopano a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anabweretsa makomiti a malo m'midzi. Kaonaneni ndi mfumu ya deralo okushoni isanachitike, mulonjere mwaulemu, mumve mbiri ya malowo.

Mbiri imeneyo idzakufikitsani pa nkhani imene ine imandikhudza kwambiri, ya anthu amene ali m'nyumbamo. Nyumba ya pa okushoni siigwa kumwamba. Ndi nyumba imene wina anamanga ndi thukuta, mwina ndi ndalama za nzimbe, za mpunga, za nsomba kapena za penshoni. Nthawi zina mwini wake anamwalira ngongole isanathe, ndipo m'nyumbamo mwatsala mayi wamasiye ndi ana amene sanadziwe n'komwe kuti bambo anaipereka ngati chikole. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana kwa olanda chuma, ndipo pa malo olembedwa pansi pa Registered Land Act banki iyenera kupereka chidziwitso, n'kudikira miyezi itatu isanagulitse. Ngati ndondomeko zoterezi sizinatsatidwe, banja likhoza kukatenga chiletso ku khoti. Inu ndalama mwapereka kale, makiyi mulibe, mlandu ukuyenda ku Lilongwe chaka chino ndi chamawa. Choncho funsani wogulitsa mosapsatira, ndipo ayankhe polemba: kodi nyumbayi muipereka yopanda anthu, kapena kutulutsa anthu ndi udindo wanga? Kodi pali mlandu uliwonse ku khoti? Kodi alendi amene alimo analipira mpaka liti?

Koma sindikunena izi pofuna kuteteza thumba lanu lokha. Nkhotakota ndi tauni yaing'ono. Mayi amene mwamutulutsa m'nyumba ndi apolisi mudzakumana naye pamsika, pachipatala cha St Anne's, kumaliro, kumzikiti kapena kutchalitchi. Kugula nyumba ya pa okushoni si tchimo. Wina ayenera kuigula, ndipo ngongole iyenera kubwezedwa. Koma pali kagulidwe kaumunthu. Mpatseni nthawi munthu akolole chinangwa chake, ana amalize teremu, apeze kolowera. Musafike ndi lole m'bandakucha. Ndipo inu ogula amene mumapangana kuseri kuti tisakwezerane mtengo, tidzagawana pambuyo, dziwani amene mukumubera. Lamulo limati banki ikachotsa ngongole yake ndi zolipira za malondawo, ndalama yotsala ibwerere kwa mwini nyumba. Mtengo ukaponderezedwa, wotsala manja lende ndi mayi uja ndi ana ake. Lamulo lomwelo limafunanso kuti wogulitsa achite mwachilungamo ndi kuganizira mwini katundu, osati kungotaya nyumba pa mtengo wongokwanira ngongole.

Tsopano, ngati malo ali pamtunda, pepala lili bwino, ndipo nkhani ya anthu yamveka, apo ndiye itanani mmisiri. Mumlipire tsikulo, kuti akuuzeni zoona osati zokukondweretsani pofuna ntchito. Akwere m'denga ndi tochi, abaye mitanda ndi msomali. Chiswe cha kuno chimadya thabwa mkati n'kusiya khungu lokha, moti denga looneka bwino likhoza kunyamuka lonse ndi mphepo yoyamba ya mvula. Aone ngati khoma anamangira simenti kapena dothi, pakuti nyumba zambiri zakale ndi za njerwa zowotcha zomangira matope, pulasitala pamwamba. Zimenezo si zoipa ngati denga silidontha ndipo khonde limateteza khoma, koma muyenera kudziwa. Ming'alu nayo ili mitundu iwiri. Wa pulasitala, wopyapyala ngati ulusi, ndi wa thumba limodzi la simenti. Koma mng'alu wopendekera, wochokera pakona ya windo kutsika mpaka pansi, wolowa chala, umanena za maziko. Musaiwale kuti tili m'chigwa cha zivomerezi. Chivomerezi cha ku Salima cha mu Malichi 1989 chinagwetsa nyumba zambiri, cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 chimodzimodzi. Nyumba yopanda lamba wa konkire pamwamba pa mawindo ndi zitseko iyenera kulimbitsidwa musanagonekemo ana.

Za magetsi ndi madzi tidutsepo msanga. Mawaya akale asinthidwe ndi munthu wovomerezeka, ndipo kafunseni ku ESCOM ndi ku Central Region Water Board ngati pa mitayo pali ngongole. Ngati denga ndi la asibesitosi, lija lotuwa la nyumba zakale za boma ndi za makampani, musalole anyamata kuliphwanya ndi hamala kapena kulicheka, fumbi lake limawononga mapapo.

Mmisiri akatha, alembe zonse papepala, ndipo mufunsenso wina wachiwiri. Kenako onjezani pamwamba, chifukwa mitengo ya simenti, malata ndi misomali siima masiku ano, ndipo kuno timalipiranso mayendedwe. Simenti ya Shayona ichoke ku Kasungu, malata achoke ku Lilongwe, dizilo akhale wosowa, mtengo wofika pa Nkhotakota si umene munaumva pa wailesi. Ndalama imene wogulitsa amatchula pomenya hamala si mapeto. Pali ya loya, msonkho wa sitampa posintha umwini, chikalata cha MRA chotsimikiza za misonkho, lendi ya malo yotsalira, ndipo malonda ena amafuna kuti wogula alipirenso gawo la wochititsa okushoni. Werengani malamulo a malondawo mzere ndi mzere. Kawirikawiri amafuna dipoziti musanalowe, ndipo yotsala muimalize m'masiku owerengeka. Mukalephera, dipoziti ija ikhoza kupita.

Tsiku la okushoni likafika, lowani mutalemba kale nambala yanu yomaliza, ndipo ikakwana tsitsani dzanja. M'chipindamo mumatentha. Wina akakweza, mtima umati ndisagonje pamaso pa anthu, ndipo m'mphindi ziwiri ndalama yokonzera denga yathera pa mpikisano. Amene watenga katapila kapena ngongole ya chiwongoladzanja chokwera kuti amalize kulipira, n'kusowa yokonzera, watsala ndi nyumba yosalowamo munthu, yosabweretsa lendi, ngongole ikukula. Nyumba yomweyo idzabwereranso mu nyuzipepala, dzina lokha litasintha.

Werengeraninso lendi ya kuno, osati ya ku Area 47 ku Lilongwe. Amene adzalowe m'nyumba yanu ndi mphunzitsi, namwino, wapolisi, wa ku khonsolo, kapena wogwira ntchito ku kampani ya shuga ya Illovo ku Dwangwa, ndipo malipiro awo mukuwadziwa. Ambiri akaona nyumba yoyang'ana kunyanja amalota alendo okaona malo. N'zoona kuti nkhalango ya Nkhotakota inadzuka kuchokera pamene African Parks inayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo njovu pafupifupi 500 zinabweretsedwa kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. N'zoona kuti anthu amabwera kudzaona mkuyu umene David Livingstone anakumanirana ndi mfumu Jumbe. Koma alendo amabwera nyengo ndi nyengo, ndipo malo owalandira amafuna ziphaso, antchito ndi ndalama yodikirira miyezi imene kulibe munthu. Ngati masamu anu akutheka pokhapokha zipinda zitadzaza chaka chonse, masamuwo sanatheke.

Mawu awiri kwa abale athu amene muli ku Joni, ku Cape Town ndi kwina, amene mumatimvera pa foni. Zithunzi za pa WhatsApp sizionetsa chinyontho, sizionetsa malire, sizionetsa mayi wamasiye amene ali kuseri kwa nyumba. Musatumize ndalama kwa dobadoba amene akuti ali ndi njira yachidule ya ku banki. Ndalama ipite ku akaunti imene yalembedwa pa chidziwitso chenicheni, risiti ituluke m'dzina lanu, ndipo pepala la umwini lilembedwe m'dzina lanu, osati la mlamu kapena la malume, ngakhale mumakondana chotani.

Chodandaula changa chomaliza chikupita kwa ogulitsa. Nyumba ili ku Nkhotakota, chidziwitso chatuluka m'Chingerezi mu nyuzipepala imene kuno imafika kwa anthu ochepa, malonda akuchitikira mu ofesi ku Lilongwe. Mphunzitsi amene wakhala akuchita lendi moyandikana ndi nyumbayo zaka zonsezi, amene akudziwa pamene madzi amafika, amene akadaigula n'kuikonza pang'onopang'ono, amangomva galimoto yachilendo itaima pageti kuti inagulitsidwa. Zimenezi zimachepetsa ogula, zimatsitsa mtengo, zimapweteka mwini nyumba, ndipo malo abwino a m'mbali mwa nyanja amapita kwa anthu amene adzabwera kawiri pachaka n'kusiya mlonda. Palibe chovuta kumata chidziwitso pa ofesi ya bwanamkubwa, pa khonsolo ndi pamsika, kuchiulutsa m'Chichewa pa wailesi ya kuno, ndi kutchula tsiku limene anthu angakaone nyumbayo mkati. A mabanki, a masherifu ndi inu ochititsa okushoni, tikupempha zimenezo. A khonsolo, ikani zizindikiro zooneka za mzere wa 477 m'magombe athu, kuti wogula ndi womanga aliyense aone ndi maso ake pamene nyanja imafika.

Ndipo inu omvera amene mwaona chidziwitso cha nyumba sabata ino, musanapite ku banki kukatapa dipoziti, pitani kaye pamalopo, mukalonjere mfumu, mukafunse anansi za madzi ndi za eni nyumbayo, kenako mutume loya ku ofesi ya malo.